Kufuna ntchito yoyendetsa ndeke ku makampani akuluakulu akunja: chilolezo chimachokera kuti

Achinyamata a kuno ku Chipata amene amaliza maphunziro oyendetsa ndeke, kaya ku Lusaka kaya ku South Africa, amakonda kufunsa kuti viza ya payiloti angaitenge bwanji kuti akagwire ntchito ku Emirates, ku Delta kapena ku British Airways. M'mayiko ambiri viza ya dzina limenelo kulibe. Chimene chilipo ndi zinthu zitatu zosiyana, zoperekedwa ndi maofesi atatu, ndipo ofesi iliyonse sisamala kuti inzake yanena chiyani. Laisensi amapereka ndi bungwe loyang'anira za ndeke m'dzikolo. Chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito chili m'manja mwa a imigireshoni. Maola amene mwauluka, mtundu wa ndeke ndi zaka zakubadwa, izo imaona ndi kampani yokha. Ndalama zambiri za makolo zimathera pa chinthu choyambacho, poganiza kuti laisensi ikapezeka zinazo zidzabwera zokha.

Musanalipire kalikonse, gawani mayiko m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mayiko amene kampani ikakukondani imakutengerani yokha chilolezo: United Arab Emirates (UAE), Qatar, Saudi Arabia, Turkey, ndi mayiko ena a ku Asia ndi a muno mu Africa amene makampani awo akukula msanga kuposa mmene masukulu awo angaphunzitsire anthu. Gulu lachiwiri ndi la mayiko amene kampani imafuna mufike muli kale ndi ufulu wogwira ntchito: America, Canada, Britain, mayiko a European Union ndi Australia. Kumeneko fomu ya pa intaneti imafunsa za ufuluwo koyambirira kwenikweni, ndipo mukayankha kuti mulibe, pempho lanu limagwa munthu asanaone n'komwe maola anu. Mayikowa ali ndi oyendetsa ndeke awoawo ambiri, mabungwe awo a antchito ndi amphamvu, ndiponso kutengera mlendo chilolezo kumadya nthawi ndi ndalama zimene kampani yaikulu sifunika kuwononga. Choncho kwa munthu amene ali ndi pasipoti ya Zambia yokha, wopanda kholo, mkazi kapena mwamuna wa kumayikowo, khomo lotseguka ndi la gulu loyamba.

Laisensi ya kuno imakufikitsani pati

Laisensi yanu imachokera ku Zambia Civil Aviation Authority (ZCAA), bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, ndipo imatsatira miyezo ya ICAO, bungwe la za ndeke la mayiko onse, yolembedwa mu Annex 1 ya pangano la Chicago la 1944. Mukaona malonda a ntchito akunena kuti akufuna ICAO ATPL, akutanthauza ATPL, laisensi yapamwamba koposa ya oyendetsa ndeke, ya dziko lililonse lotsatira miyezoyo, lathu lino lili momwemo. Koma laisensi ya Zambia ndi yoyendetsera ndeke zolembetsedwa ku Zambia, zija za nambala yoyamba ndi 9J, kulikonse kumene zingapite. Ndeke ya A6 ndi ya ku UAE, ya A7 ya ku Qatar, ya ET ya ku Ethiopia, ya N ya ku America, ndipo iliyonse imafuna pepala la kwawo.

Pepalalo lili mitundu iwiri. Validation ndi chivomerezo chakanthawi chimene chimatsamira pa laisensi yanu ya kuno: ya kuno ikatha, nachonso chatha tsiku lomwelo. Conversion ndi kupatsidwa laisensi yatsopano ya dzikolo mutalemba mayeso awo ndi kupimidwa ndi dokotala wawo. Makontirakiti aafupi amayendera validation, pomwe makampani akuluakulu a ku Gulf, monga a ku UAE ndi Qatar, amakusinthirani laisensi mukangofika, pa ndalama zawo.

ATPL yeniyeni, malinga ndi ICAO, imafuna zaka 21 zakubadwa ndi maola 1,500, mwa iwo 200 a maulendo a pakati pa mabwalo otalikirana, 100 a usiku, ndi 75 oyenda modalira zipangizo za m'ndeke. Chija amati frozen ATPL kusukulu si laisensi yotero ayi. Ndi CPL, laisensi yocheperapo yoyendetsera ndeke mwa malipiro, yokhala ndi instrument rating (chilolezo choyenda modalira zipangizo za m'ndeke) ndi mayeso olemba a ATPL basi, ndipo mukalemba pa fomu kuti muli ndi ATPL pomwe muli ndi chimenecho, amakutengani ngati wabodza. Satifiketi ya dokotala ya Class 1 imakhala miyezi 12, ndipo imatsika kufika miyezi 6 mukakwanitsa zaka 60. Pa maulendo a mayiko ena a ndeke za oyendetsa awiri, malire ndi zaka 65. Chingelezi chiyenera kulembedwa pa laisensi, osachepera Level 4. Level 4 imatha pakapita zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko, Level 5 zaka zisanu ndi chimodzi, Level 6 siitha. Ambiri a kuno amalankhula Chingelezi chokwanira Level 5 kapena 6 koma amakhutira ndi 4 imene anapatsidwa ali kusukulu. Kayesedweninso, chifukwa makampani ena amafuna 5 kwa makaputeni.

Ku Gulf: kulemera kwa ndeke kumaposa kuchuluka kwa maola

Apa mpamene anthu athu ambiri amasokonezekera. Munthu amatha zaka akutula alendo pa bwalo la Mfuwe ndi pa timabwalo ta fumbi ta m'chigwa cha Luangwa, maola n'kukwana 3,000, koma ku Dubai n'kumuuza kuti sakuyenera. Vuto ndi mtundu wa maolawo. Mu 2022 Emirates inalengeza kuti wofuna kukhala First Officer, wothandizira kaputeni, akhale ndi ATPL ndi maola osachepera 2,000 pa ndeke zolemera matani 20 kapena kuposa, za injini zingapo, zoyendetsedwa ndi anthu awiri. Manambala otere amasintha chaka ndi chaka, ndiye muziwerenga tsamba la kampani yokhayo, koma maganizo ake sasintha. Cessna Caravan imalemera pafupifupi matani 4. Jetstream 41 pafupifupi matani 11. Zonsezi zili pansi pa mzerewo. CRJ200 ndi ATR 72 zili cha m'ma 23, Dash 8-400 cha m'ma 29, Boeing 737-800 matani 79. Ndiye ngati cholinga chanu ndi Gulf, mpando wa kumanja, wa First Officer, pa CRJ kapena pa Dash 8 ndi wofunika kuposa ukaputeni pa Caravan, ngakhale ukaputeniwo ukhale ndi malipiro abwinopo chaka chimenecho. Amayang'ananso maola a miyezi 12 yapitayi. Wokhala pansi chaka chathunthu amagwa pamenepo ngakhale logbook yake, buku lolembamo maola ouluka, ikhale yonenepa bwanji.

Ntchito yake imayenda motere. Mumalemba fomu pa tsamba la kampani. Akakusankhani pamakhala mayeso a pa kompyuta kapena kucheza nanu pa vidiyo. Kenaka amakuitanani ku Dubai, Abu Dhabi kapena Doha kwa masiku angapo: simulator (makina oyerekezera kuyendetsa ndeke), mafunso a maso ndi maso, mayeso a kaganizidwe, ndi kupimidwa ndi dokotala wa za ndeke. Mukapambana amakupatsani kalata ya ntchito yokhala ndi mfundo zoti zikwaniritsidwe, n'kuyamba kufufuza mbiri yanu. Zikayera, kampani imakutumizirani chilolezo cholowera m'dzikomo. Mukafika mumakapimidwa kuchipatala cha boma, kudinda zala, kulandira chitupa cha dzikolo, chimene ku UAE amati Emirates ID, ndipo pamenepo mpamene chilolezo chokhala chimatuluka. Mayeso a malamulo a za ndeke a dzikolo ndi maphunziro a ndeke yatsopano zimabwera pambuyo. Pa njira yonseyi palibe pamene inu mumapita nokha ku ofesi ya kazembe kukapempha viza ya ntchito. Wopempha ndi kampani.

Zindikirani kuti kupimidwa kuli kuwiri, ndipo malamulo ake ndi osiyana. Dokotala wa za ndeke amaona ngati mungayendetse ndeke bwinobwino: mtima, maso, makutu, shuga, BP. Chipatala cha boma chimaona ngati mungaloledwe kukhala m'dzikomo, ndipo chimayeza magazi ndi kujambula chifuwa. Malamulo a ICAO amalola munthu wa HIV kupatsidwa Class 1 ngati madokotala amuunika n'kupeza kuti ali bwino, koma UAE ndi Qatar sapereka chilolezo chokhala kwa mlendo wopezeka ndi HIV, ndipo kampani ilibe mphamvu yosintha zimenezo. TB nayonso imaletsa, ndipo ngakhale zipsera za TB imene munachira kalekale zimaoneka pa X-ray n'kuchedwetsa kapena kuimitsa zonse. Nzeru yake ndi kuyezetsa nokha kunyumba musanatumize fomu, ku Chipata Central Hospital kapena kukiliniki imene mumaikhulupirira, kuti mudziwe mmene mulili zinthu zikadali m'manja mwanu. Ngati munadwalapo TB, khadi la mankhwala ndi kalata yosonyeza kuti munamaliza zisungeni pamodzi ndi pasipoti. Ndipo musabise matenda pa fomu ya dokotala. Chobisika chikadzatulukira, amakuchotsani chifukwa cha bodzalo, ngakhale matendawo akanakhala ololedwa.

Mapepala

Chimene chimachedwetsa anthu kwambiri si simulator ayi, ndi mayina. Ikani pa tebulo limodzi NRC, pasipoti, satifiketi ya Grade 12, laisensi ndi satifiketi ya dokotala, ndipo muwerenge chilembo chimodzichimodzi. Kwathu kuno l ndi r zimasinthana osazindikira: pena Chirwa pena Chilwa, pena Phiri pena Phili. Dzina la ubatizo lili pa satifiketi ya sukulu koma pa NRC palibe. Tsiku lobadwa pena 6 pena 16, chifukwa amene anakakulembetsani anali agogo. Kwa ife ndi munthu mmodzi yemweyo, koma kwa kalaliki wa ku Doha ndi anthu awiri. Konzani izi koyamba, polumbira pamaso pa Commissioner for Oaths ndi kupempha ofesi imene inapereka pepala lolakwikalo kuti ilisinthe, ndipo pasipoti ndiye ikhale muyezo wa zonse. Pasipotiyo ikhale ndi miyezi yoposa 6 isanathe, chaka kapena ziwiri ndiye bwino koposa, ndi masamba opanda kanthu okwanira.

Logbook ndiye mboni yanu yaikulu. Kampani iliyonse imene mwagwirako idinde ndi kusainira maola anu musanachokeko, ndipo mutenge kalata ya chief pilot yonena maola pa mtundu uliwonse wa ndeke, ndi ina yonena kuti simunachitepo ngozi. Musanene kuti mudzabwera kudzatenga. Makampani a ndeke amatsekedwa: Zambia Airways yakale inatha mu 1994, Zambian Airways inaima mu 2009, ndipo ofesi ikatsekedwa wodinda sapezeka. Maola a ukaputeni, a ukaputeni woyang'aniridwa ndi a wothandizira akhale m'mizere yosiyana. Maola a simulator asalowe m'chiwerengero cha maola a m'mlengalenga. Chiwerengero cha pa fomu chifanane ndendende ndi cha tsamba lomaliza la logbook, chifukwa amachita kuwonkhetsa pamaso panu. Sunganinso malipoti a simulator check ziwiri zomaliza.

Bungwe la za ndeke la kumene mukupitako lidzafuna umboni wochokera ku ZCAA woti laisensi yanu ndi yeniyeni. Kawirikawiri mabungwe awiriwo amalemberana okha, ndipo kalata yonyamula inu m'manja sakhutira nayo. Mbali yanu ndi kupereka pempho msanga ndi kulitsatira mpaka layankhidwa. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imatengedwa ku likulu la Zambia Police ku Lusaka mutadinda zala, koma musaithamangire, chifukwa olandira ambiri amaifuna yosapitirira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ngati munakhala ku South Africa pophunzira, angafunenso ya apolisi a kumeneko.

Wofuna kupita ndi banja ali ndi ntchito ina. Ukwati wa pa ankhoswe ndi wolemekezeka kwathu, koma wa imigireshoni amafuna satifiketi, ndipo ya ku khonsolo ndiyo imadutsa mosavuta. Ana akhale ndi satifiketi zobadwira zenizeni zochokera ku ofesi ya National Registration, osati khadi la sikelo. Mapepala amenewa, pamodzi ndi a sukulu, amadindidwa motsatana: ofesi imene inawapereka, unduna wa za mayiko akunja ku Lusaka, ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, kenaka unduna wa za mayiko akunja wa kumeneko. Mukadumpha chidindo chimodzi mumayambiranso. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndiye konzani kuti ulendo umodzi ugwire ntchito zingapo, ndipo munyamule mapepala enieni ndi makope ake atatuatatu.

America

Makampani ngati Delta, United ndi American amafuna nzika kapena munthu amene ali kale ndi ufulu wogwira ntchito, monga wa green card, chitupa chokhala ku America mokhazikika, ndipo satengera woyendetsa ndeke viza. Laisensi yokha si yovuta kwambiri kwa amene ali ndi maola. Kuyambira 2013, pambuyo pa ngozi ya ndeke ya Colgan Air pafupi ndi Buffalo mu 2009, aliyense wokhala kutsogolo pa makampani onyamula anthu amafunika ATP (dzina la ATPL kumeneko) ya FAA, bungwe la za ndeke la ku America, laisensi imene mwachizolowezi imafuna maola 1,500 ndi zaka 23. Mlendo amayamba ndi kupempha FAA kuti itsimikize laisensi yake ku ZCAA, ndipo kalata yotsimikizirayo imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Amafunikanso chilolezo cha TSA, ofesi yoona za chitetezo cha maulendo, asanayambe kuphunzira, kenaka kosi ya ATP-CTP ya maola 30 m'kalasi ndi 10 mu simulator, mayeso olemba, ndi mayeso oyendetsa. Zonsezi mukhoza kumaliza, laisensi n'kuigwira m'manja, koma osakhala ndi ufulu wogwira ntchito ngakhale tsiku limodzi. Kuchita zimenezi musanapeze ufuluwo kuli ngati kugula feteleza amfumu asanakupatseni munda.

Maviza amene anthu amawatchula pa magulu a WhatsApp tiwaone mwachidule. H-1B ndi ya ntchito zimene mwalamulo zimafuna digiri, malo ake atsopano ndi 65,000 pachaka kuphatikizapo ena 20,000 a ophunzira kwambiri ku America komweko, ndipo kuyendetsa ndeke sikuwerengedwa kawirikawiri m'gulu limenelo. E-3, imene makampani ena aang'ono anagwiritsa ntchito poitana oyendetsa ndeke akunja, ndi ya nzika za Australia zokha. EB-2 National Interest Waiver ndi green card imene munthu amadzipemphera yekha popanda kampani. Oyendetsa ndeke ena odziwa ntchito kwambiri anaipeza, ena ambiri anakanidwa, ndipo loya amalandira ndalama zake mulimonse. M-1 ndi yophunzirira basi. C-1/D ndi ya ogwira ntchito m'ndeke za makampani akunja zotera ku America: mudzaifuna mukadzalembedwa ku Emirates kapena ku Ethiopian, koma siikulolani kugwirira kampani ya ku America.

Pamwamba pa izi, malamulo a America okhudza pasipoti ya Zambia analimba mu 2025. Kuyambira August 2025 opempha viza yokacheza a ku Zambia ndi Malawi anayamba kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo mu December chaka chomwecho mayiko awiriwa anaikidwa pa mndandanda wa oletsedwa maviza ena, kuphatikizapo okakhala ndi okaphunzira. Musanalipire sukulu iliyonse ya kumeneko, werengani zimene ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka yalengeza sabata imeneyo. Ndiponso ngati munapitirirapo masiku a viza m'dziko lililonse, dziwani kuti zimatsata pasipoti yanu. Kampani ya ku Gulf imafuna munthu wotha kulowa kulikonse kumene ndeke zake zimatera.

Ulaya ndi Britain

Ku European Union laisensi imayendera malamulo a EASA, bungwe lawo loyang'anira za ndeke. Wokhala ndi laisensi ya kuno amalemba mayeso 13 a ATPL, ndipo pepala lililonse amapambana ndi 75 pa 100. Onse ayenera kutha m'miyezi 18, m'maulendo osapitirira 6, ndipo pepala limodzi sungaliyese koposa kanayi. Ukalephera chimodzi mwa izi, onse amafufutika. Pamwamba pake pali Class 1 yoyamba ku chipatala chovomerezedwa ndi EASA ndi mayeso oyendetsa. Ndi ntchito ya chaka kapena kuposa kwa munthu amene akugwiranso ntchito. Ikatha, Ryanair, Lufthansa ndi anzawo adzafunsabe ngati muli ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'mayiko a EU, ndipo viza ya sukulu siipereka ufulu umenewo.

Britain inatuluka mu EASA kumapeto kwa 2020, ndiye laisensi yake ndi yapayokha, mayeso akenso apawokha. Pali kanjira kamodzi kamene mabanja ochepa a kuno angakhale nako osadziwa. Nzika ya dziko la Commonwealth, monga Zambia, imene mmodzi mwa agogo ake enieni anabadwira ku Britain ikhoza kupempha UK Ancestry visa, ya zaka 5, yolola kugwira ntchito iliyonse popanda kampani kukuimirani. Umboni wake ndi satifiketi zobadwira za mibadwo itatu yonse. Canada ndi Australia n'chimodzimodzi ndi enawa: Air Canada ndi Qantas amafuna nzika kapena okhazikika, ndiye woganiza za kumeneko ayambe ndi njira zosamukira za boma, za ndeke zibwere pambuyo.

Muno mu Africa, ndi kunyumba

Kudutsa pa Mwami popanda viza kupita ku Mchinji kapena ku Lilongwe sikutanthauza kuti mungagwire ntchito pa bwalo la Kamuzu. Kumasuka kwa m'mayiko a SADC ndi kwa alendo ocheza. Wogwira ntchito ku Malawi amafunika Temporary Employment Permit yopemphedwa ndi kampani, ku Kenya permit ya Class D, ku South Africa viza ya ntchito imene ndi yovuta kwa wongomaliza sukulu chifukwa oyendetsa ndeke a maola ochepa ali mbwee kumeneko. Mgwirizano wa msika umodzi wa za ndeke mu Africa umene unakhazikitsidwa mu January 2018 umanena za makampani ndi misewu ya m'mlengalenga, osati za ufulu wa woyendetsa ndeke wogwira ntchito m'dziko lina.

Chizolowezi cha makampani a mu Africa ndi cha ku Asia n'chofanana: mlendo amene amamutengera chilolezo ndi kaputeni wodziwa kale mtundu wa ndeke imene ali nayo, pomwe mpando wa kumanja amausungira ana a dzikolo. India imapereka chivomerezo chakanthawi chotchedwa FATA kwa otere, China imatenga makaputeni pa kontirakiti ndipo madokotala ake ndi okhwima kwambiri. Zambia nayonso imachita zomwezo. Mlendo wodzayendetsa ndeke kuno amafunika Employment Permit pansi pa lamulo la imigireshoni, yopemphedwa ndi kampani, kuwonjezera pa validation ya ZCAA. Izi zikutanthauza kuti dziko limene inu muli patsogolo pa mzere ndi lino. Proflight Zambia, ndi Zambia Airways yatsopano imene inayamba kuuluka mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, ndiwo malo oyamba kuyang'ana maola a ndeke zolemera, ndipo zaka zingapo pamenepo zimatsegula makomo ambiri kuposa laisensi yachiwiri yogulidwa ndi ngongole.

Kalata ya ntchito ikabwera

Yambani mwaona ngati ili yeniyeni. Makampani akuluakulu salemba anthu kudzera pa Gmail kapena WhatsApp, sapereka ntchito kwa munthu amene sanamuone mu simulator, ndipo sapempha ndalama za viza pa mobile money. Ku UAE malamulo a ntchito amaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera ntchito. Maejenti enieni alipo, makamaka a makontirakiti a ku Asia ndi Africa, koma amalipidwa ndi kampani ya ndeke, osati ndi inu. Samalaninso ndi oti mulipire kuti muuluke maola 500 pa ndeke yawo ndi viza yokacheza. Kugwira ntchito ndi viza yocheza ndi mlandu, ndipo wogwidwa ndinu.

Ngati ili yeniyeni, werengani mfundo ya bondi ya maphunziro, ndalama zimene mumabweza ku kampani mukachoka msanga: ndalama zingati, zaka zingati, ndipo kodi imachepa mwezi ndi mwezi kapena imakhala yonse mpaka tsiku lomaliza. Funsani chimene chimachitika mukalephera maphunziro a ndeke yatsopano, chifukwa ena amabwezedwa kwawo ali ndi ngongole. Pa kontirakiti ya ejenti, funsani kuti bwana wanu mwalamulo ndani, msonkho mulipira kuti, ndipo dzina la kampani iti lilembedwa pa chilolezo. Musalembe kalata yosiya ntchito ya kuno mpaka kufufuza mbiri kwatha, dokotala wa za ndeke wavomereza, ndipo tsiku loyamba ntchito lalembedwa. Mukatero perekani notisi yokwana, poti kampani yatsopano imaimbira yakale.

Chilolezo chokhala ku Gulf chimamangirira pa ntchitoyo. Ntchito ikatha kampani imachifafaniza, pamodzi ndi za mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana, n'kukupatsani nthawi yoikika yoti mupeze ina kapena muchoke. Mu 2020, ndeke zitaima chifukwa cha Covid-19, oyendetsa ndeke achilendo ambiri anachoka kumeneko mwanjira imeneyi, ana ali pakati pa temu. Kukhala zaka zambiri sikukusandutsani nzika. Pa chifukwa chimenechi musalole laisensi ya ZCAA kufa muli kunja. Funsani bungwelo mmene mungalembetsere pa laisensi ya kuno mtundu wa ndeke watsopano umene mwaphunzira, tumizani malipoti a simulator check nthawi yake ikakwana, ndipo mukabwera patchuthi kaonaneni ndi dokotala wovomerezedwa ndi ZCAA kuti Class 1 ya kuno ikhalebe yamoyo.